Wojambula zithunzi za m'buku alipidwe, ndipo dzina lake likhale pachikuto

Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi ku Rosettenville sitinabalalike msanga ngati masiku onse, tinakhalira panja pamabenchi mpaka dzuwa kupendeka chifukwa cha nkhani ya kabuku. Kwa amene simunamve, nkhani yake ili chonchi. Gulu lathu la makolo achimalawi kuno ku Joni linagwirizana chaka chatha kuti tipange kabuku ka nthano m'Chichewa ka ana athu obadwira konkuno, ana oti ukawafunsa kuti wadzuka bwanji amakuyankha m'Chizulu kapena kungokuyang'ana basi. Nthanozo analemba ndi mayi ena amene anali aphunzitsi ku Dedza asanabwere kuno, ndipo analemba bwino zedi, palibe akutsutsa. Za zithunzi tinapempha mnyamata wina wa ku Ntcheu amene amakhala ku Turffontein, masana amagwira ntchito mushopu yopulinta malaya ndi zikwangwani, usiku ndiye amajambula zakezake. Iyeyo anati zithunzi 14 zopaka utoto apanga pa R7,000, komanso dzina lake lilembedwe pachikuto limodzi ndi la mayi olembawo. Pamenepo ndi pamene moto unabuka. A komiti ena anati R1,500 yakwana, ndipo dzina lingolowa kumapeto pamndandanda wa anthu othokozedwa, pamodzi ndi amene anatibwereka mipando ndi amene anaphika tiyi. Nkhaniyi yayenda sabata yonse, ndaimva mutakisi ya ku Bree, ndaimvanso kusaluni komwe amapita akazi anga, ndiye ndati nane ndinene mbali yanga poyera.

Ine ndili mbali ya mnyamatayo, ndipo sindikuima pakatikati ayi. Munthu wojambula zithunzi za m'buku ndi mmisiri ngati kalipentala kapena telala, mtengo wake amatchula yekha ndipo tikafuna kunenerera tizinenerera mwaulemu monga tichitira ndi amisiri ena onse. Kuwonjezera apo, m'buku la ana iyeyo ndi mwini buku mnzake wa wolemba, choncho dzina lake malo ake ndi pachikuto. Ndikuganiza kuti vuto lina limayambira pa mawu enieniwo. Ife timati kujambula pa chilichonse, wogwira kamera akujambula, woimba ali mu studio akujambula nyimbo, kuchipatala akakuunika chifuwa akujambula, mwana wa sitandade 2 akakhwatchakhwatcha m'kope akujambulanso. Ndiye munthu akati ndine wojambula, anthu amayamba afunsa kuti kamera ili kuti, akamva zoti ndi wa pensulo ndi bulashi nkhope imagwa, amamuika gulu limodzi ndi mwana wa sitandade 2 uja. Wa kamera paukwati timamulipira osawiringula poti chida chake chikuoneka ndi maso kuti ndi chodula, koma wa pensulo timaona ngati akusewera.

Tiyeni tiyambe ndi mfundo imene inatuluka kwambiri pamabenchi paja. Bambo ena achikulire, munthu amene ndimamulemekeza ndipo wathandiza maliro ambiri a anthu athu kuno, anati iwo anamuona ndi maso awo mnyamatayu akujambula nkhope ya mwana papepala mphindi khumi zokha, ndiye R500 pa chithunzi chimodzi ikuchokera pati, pomwe amayi athu ena amachapa ndi kusita tsiku lonse kumayadi ku Sandton osaipeza ndalama imeneyo. Funso limeneli ndi lachilungamo ndipo sindikulipeputsa, chifukwa tonse tikudziwa mmene rand imapezekera movutikira kuno. Koma achikulire anaona kasikechi ka mphindi khumi, sanaone chithunzi cha m'buku. Ine ndinapitako kuchipinda kwake Lachitatu madzulo, kachipinda ka kuseri kwa nyumba, bedi mbali iyi, tebulo mbali iyo, nyale yotchaja ili pafupi podikira kuti magetsi akathima ntchito isaime. Ndinamupeza ali pa tsamba lomwe agogo akusinja chimanga mdzukulu atakhala pamphasa. Pansi panali mapepala asanu ndi awiri a agogo omwewo, ena atatembenukira uku ena uku, ndipo anandionetsa chifukwa chimene anakanira lililonse. Pena munsi unatalika kuposa munthu, pena mkono unagwira munsi ngati wagwira khasu, pena chitenje chinamangidwa ngati cha mtsikana pomwe awa ndi agogo. Anandiuza kuti anaimbira foni mayi ake kumudzi kuti amukumbutse mmene nkhokwe ya kwawo imakhalira pamiyala ndi mmene denga lake limatsetserekera, poti iye wakhala kuno zaka zambiri ndipo safuna kunamiza ana. Ndiye pali china chimene ife osajambula sitiganizira n'komwe: agogo a patsamba 3 akuyenera kukhala agogo omwewo patsamba 19, mphuno yomweyo, duku lomwelo, mpata wa mano womwewo, kaya akuseka kaya akwiya kaya aonekera kumbuyo. Komanso ayenera kusiya malo oti mawu akhalepo, ndi kusamala kuti nkhope ya munthu isagwere pakati pomwe buku limapindikira. Akamaliza papepala amalowetsa mukompyuta, kukonza mitundu kuti ikatuluke bwino kopulinta, chifukwa chimene chikuwala pafoni sichituluka chimodzimodzi papepala.

Tsono tiyeni tiwerengere limodzi, poti nkhani ya ndalama imafuna masamu osati phokoso. Iye akuti chithunzi chimodzi kuyambira sikechi mpaka kumaliza chimamudyera maola ngati 12, mausiku atatu kapena anayi akaweruka kuntchito. Zithunzi 14 ndiye kuti maola 168. Mukagawa R7,000 ndi maola amenewo mupeza pafupifupi R42 pa ola. Malipiro otsikitsitsa amene boma la South Africa linakhazikitsa mu March 2025 anali R28.79 pa ola, ndiye kuti munthu waluso loti pagulu lathu lonse palibe wina ali nalo akupempha kongopitirira pang'ono pa malipiro a munthu wongoyamba kumene ntchito, ndipo mapepala, utoto, magetsi ndi data zonse zikuchoka m'thumba mwake momwemo. Nanga R1,500 ya a komiti ija? Imeneyo ikubwera pa R9 pa ola, osakwananso bwinobwino. Abale anga, ifeyo ndi amene timadandaula tsiku ndi tsiku kuti mabwana kuno amatidyera masuku pamutu poti akudziwa kuti mlendo sakakamira mtengo, ndiye lero tapeza mwana wathu yemwe tikufuna timuchite zomwezo, mwinanso kuposa.

Ena anaitengera nkhaniyi kuuzimu, akuti luso ndi mphatso yochokera kwa Mulungu, analandira ulere apereke ulere, makamaka poti ntchitoyi ndi ya ana a mumpingo. Zoti ndi mphatso ndikuvomera ndithu. Koma telala amene amasoka mayunifomu a amayi a chigwirizano nayenso dzanja lake ndi mphatso, ndipo sindinamvepo wina akuti asoke ulere. Komanso mphatso yosaisamalira imafa, mnyamatayu wadya zaka akujambula m'makope akale, kuonera anzake, kuwononga mapepala osawerengeka kuti dzanja lifike pomwe lafikapa. Ndipo poti tatchula za Mulungu, tsegulani Eksodo 31 muone. Pomanga chihema amisiri a zokongoletsa anatchulidwa mayina, Bezaleli ndi Oholiabu, mpaka mayina a makolo awo ndi mafuko awo. Ngati Buku Lopatulika linasunga mayina a amisiri zaka zonsezi, ife kabuku ka masamba 24 tikuvutika chiyani kulemba dzina la munthu pachikuto?

Mfundo ina ndi yolemera kuposa izi, ndipo ndi imene inandiganizitsa usiku. Msungichuma wathu anati iye sakutsutsa kuti ntchitoyo ndi yaikulu, koma thumba ndi lochepa, tinasonkha ma R100 ma R100, kabukuka sitikukagulitsa kuti tipindule, ndiye aliyense akuyenera kudzipereka. Anatchulanso Book Dash, bungwe la konkuno ku South Africa lomwe linayamba mu 2014, komwe wolemba, wojambula ndi wokonza masamba amakhala pamodzi tsiku limodzi, maola ngati 12, kupanga buku la ana mongodzipereka osalandira kanthu. Zimenezi ndi zoona ndipo ndi ntchito yotamandika. Koma taonani bwino mmene zimayendera kumeneko. Anthuwo amadzipereka okha mwa kufuna kwawo, palibe komiti imene imawakhalira pansi kuwauza kuti ndinu odzikonda mukakana. Onse pagulupo amapereka mofanana, si kuti wina akulipidwa wina ayi. Ndipo mayina awo amalembedwa m'bukumo, aliyense ndi ntchito yake. Tsono ife bajeti yathu ndinaiona. Wopulinta tamuikira ndalama yake yonse ndipo palibe anayerekeza kumuuza kuti adzipereke, holo ya tsiku lokhazikitsa buku ili ndi mtengo wake, DJ ali ndi mtengo wake, mpunga ndi nkhuku zili momwemo. Munthu mmodzi yekha amene tikumuuza za kudzipereka ndi amene ntchito yake ikhale m'manja mwa ana zaka ndi zaka, pomwe mpunga uthera tsiku lomwelo. Ngati thumba ndi lochepadi, njira zilipo zambiri zosachita kufinya munthu mmodzi: tichepetse zithunzi zikhale 8, kapena zina zikhale zosapaka utoto, kapena timulipire pang'onopang'ono miyezi itatu, kapena phwando lichepe tidye mandasi ndi tiyi. Ndipo mawu aja oti adzatchuka, anthu adzamudziwa kudzera m'bukuli, amandidabwitsa kwambiri akamachokera pakamwa pa anthu omwewo amene akukana kuika dzina lake pachikuto. Adzatchuka bwanji munthu wopanda dzina? Landilodi wa ku Turffontein pa 1 mwezi amafuna lendi, salandira kutchuka.

Ndifike tsopano pa nkhani ya dzinayo, imene kwa ine ndi yaikulu kuposa ya ndalama. Amene akukana akuti buku ndi la wolemba, nthano ndi za mayi aja, zithunzi ndi zongokometsera ngati maluwa a patebulo, ndiye kuika mayina awiri pachikuto ndi kuwachepetsa mayiwo. Ndikumvetsa kuti akufuna kuwalemekeza mayi athu ndipo ulemuwo akuyeneradi. Pa buku la akuluakulu la masamba 200 lokhala ndi chithunzi chimodzi pachikuto, mfundo yawoyo ndingaivomere. Koma buku la ana ndi nyama ina. Tengani mwana wa zaka zinayi amene sanayambe kuwerenga, mpatseni buku, muone chimene achite. Amatsegula, kuloza, kunena kuti uyu akulira, uyu wabisala kuseri kwa mtengo, galu uyu waba nsomba, nthano yonse amaitola m'zithunzi musanamuwerengere liwu limodzi. Kwa ana athu a kuno ndiye nkhaniyi ikuposa pamenepo, chifukwa Chichewa chawo ndi choperewera. Mwana wobadwira kuchipatala cha Rahima Moosa kapena cha Bara sanaonepo mtondo, sadziwa lichero, nkhokwe sanaimvepo. Mayi aja akalemba kuti agogo anapeta ufa ndi lichero, mwanayo liwu loti lichero alimva chifukwa cha chithunzi, ndiye kuti wojambulayo akuphunzitsa Chichewa limodzi ndi wolemba, tsamba ndi tsamba. Kunja anazindikira zimenezi kalekale, ku America mendulo ya Caldecott yakhala ikuperekedwa kuyambira 1938 ndipo imapita kwa wojambula zithunzi za buku la ana, osati kwa wolemba mawu.

Ife kwathu mbiri yathu pa nkhaniyi si yabwino kwenikweni, ndipo ndikunena izi ndi chisoni. Anzanga amene munaphunzira pulayimale nthawi ya mabuku a Timve ndi Tsala, tsekani maso, anawo mukuwaona mpaka lero mmene ankaonekera, koma ndikufunseni amene anawajambula, ndi angati angayankhe? Zithunzi zinakhala m'mutu mwathu zaka makumi, munthu wake sitinamufunse n'komwe. Amene tinawadziwa ndi a makatuni a m'nyuzi, ngati Brian Hara wa Pewani, ndipo tinawadziwa chifukwa ankasaina pakona pa chithunzi sabata ndi sabata. Kasiginecha kameneko ndi kamene kamasiyanitsa munthu wokumbukika ndi munthu woiwalika. Kuno aliyense amamudziwa Zapiro, dzina lake lenileni Jonathan Shapiro, amene katuni yake ya mu 2008 inachititsa a Jacob Zuma kukasuma kukhoti kufuna mamiliyoni, mlandu womwe anadzausiya mu 2012. Munthu wamkulu ngati ameneyo sathamangira kukhoti chifukwa cha maluwa a patebulo, amathamangira chifukwa chithunzi chimalankhula, ndipo chimafika ngakhale kwa amene sawerenga nyuzi yonse. Ku Chongoni ku Dedza, kwawo kwa mayi olemba athu omwewa, kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala amene UNESCO inawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, zina mwa izo zojambulidwa ndi makolo athu Achewa pa miyambo ya chinamwali. Amene anajambulawo mayina awo anapita ndi mphepo poti nthawi imeneyo kunalibe polemba. Ife polemba tili napo, pulinta tili nayo, mwini ntchito tikumuona ndi maso ali moyo, ndiye tilibe chonamizira.

Achinyamata a pagulu lathu anabwera ndi yawo, ndipo iyi ndi imene ikumveka paliponse masiku ano. Akuti bwanji tikuvutika, pafoni pali AI, ungolemba zimene ukufuna mphindi imodzi chithunzi chatuluka, chokongola, chaulere. Sindinama, zinthuzi zafika patali kuchokera pomwe mapulogalamu opanga zithunzi ngati Midjourney anatulukira mu 2022, ndipo pa positala ya mpira wa Loweruka kapena chilengezo cha msonkhano anthu azigwiritsa ntchito, palibe angawaletse. Koma mmodzi wa iwo anayesa pomwepo tonse tikuona, analemba kuti agogo a ku Malawi akusinja chimanga pamudzi. Chinatuluka chithunzi chowala bwino, inde, koma agogowo anavala duku lalikulu lopindidwa ngati la ku Nigeria, mtondo unali waufupi ngati mbale, kumbuyo kuli mtengo umodzi wa kuchipululu dzuwa likulowa, mudzi woti ungakhale wa dziko lililonse la mu Africa kapena wosakhalako n'komwe. Amayi onse anaseka, wina anati ameneyo asinja atagwada kapena? Makinawa anaphunzira pa zithunzi zimene zadzaza pa intaneti, ndipo za kwathu zenizeni, nkhokwe ya ku Ntcheu, mbaula, chitenje chomangidwa bwino pobereka mwana, mulibemo zokwanira, ndiye amangolumikiza Africa wa m'maganizo mwa alendo. Tsono cholinga chonse cha kabukuka chinali choti ana athu aone kwawo. Tikawapatsa mudzi wabodza ndiye kuti ntchito yonse tagwirira pachabe, bola osapanga n'komwe. Wina anati ungathe kumangoikonza mpaka ifanane, chabwino, koma woti adziwe kuti apa palakwika ndi kukonza ndi ndani? Ndi munthu wa diso lomwelo amene tikukana kumulipirayu. Ndiye palinso nkhani ya chilungamo. Ojambula ena ku America anakasuma kukhoti mu 2023 podandaula kuti makampani a AI anatenga zithunzi zawo kuphunzitsira makina osawapempha. Kaya makhoti agamula bwanji pamapeto, ine mtima wanga sungalole kuti buku lophunzitsa ana athu ulemu ndi chikhalidwe lipangidwe polambalala mwana wathu yemwe ali pakhomo pompa, ndi chida chomwe ojambula anzake akuchidandaula.

Pali kanthu kena komwe kanatuluka chakumapeto anthu atayamba kunyamuka, ndipo ndi koopsa kuposa mmene ambiri anakaonera. Mayi ena anati tikamulipira basi zithunzizo ndi zathu, tidzaziika pa malaya, pa makapu, mwinanso tidzapangitse chitenje cha gulu tizigulitsa pa 6 July. Maganizo a bizinesi ndi abwino, koma lamulo silinena choncho. Lamulo la kuno la umwini wa zaluso, Copyright Act ya 1978, limati mwini wake wa chojambula ndi amene wachijambula, pokhapokha ngati wajambula ali pantchito yolembedwa, kapena pa zinthu zingapo zimene lamulolo linazipatula monga chithunzi cha kamera kapena chojambula cha nkhope ya munthu chimene wina waitanitsa ndi kulipira. Zithunzi za nthano sizili m'gulu limenelo. Kuti umwini uchoke kwa iye kubwera kwa ife pamafunika pepala losainidwa ndi iyeyo, mawu apakamwa sakwanira, ndipo lamulo lomwelo limamupatsanso ufulu woti adziwike kuti ntchitoyo ndi yake. Kwathunso lamulo lilipo, la 2016, ndipo COSOMA, yoteteza umwini wa zaluso, yakhalapo kuyambira 1992, kungoti ambirife timaidziwa pa nkhani za oimba basi ngati kuti zaluso ndi nyimbo zokha. Kunena mwachidule, R7,000 ija ikugula chilolezo choti zithunzi zilowe m'buku. Tikafuna chitenje tibwererenso kwa iye tikambirane, kaya mtengo wina kaya gawo pa chitenje chilichonse chogulitsidwa. Ndipo zimenezi zisatidabwitse, woimba ukamuitana paukwati n'kumulipira sindiye kuti nyimbo zake zasanduka zako zoti uzikagulitsa pamsika. Ndi chifukwa chake ine ndikuti tilemberane, tsamba limodzi lokha lakwana: zithunzi zingati, zidzatha liti, kukonza kangati, zigwiritsidwa ntchito pati, dzina likhala pati. Achimalawi timaopa pepala ngati kuti kulemberana ndi kusakhulupirirana, chonsecho maubale ambiri kuno atha chifukwa cha mawu apakamwa omwe aliyense anawamva mwakemwake.

Pepala lomwelo likutetezanso ife, ndipo apa ndiwapatse a komiti mfundo yawo. Alipo ojambula amene amalandira dipoziti kenako foni osayankha, alipo amene amalonjeza sabata ziwiri n'kutha miyezi inayi, ineyo zinandichitikirapo ndi wina amene ndinamupatsa ntchito ya chikwangwani cha kashopu ka mlamu wanga, tinadikira mpaka tinatopa. Ndiye amene akuopa kutaya ndalama za gulu sakulakwa. Koma mankhwala ake ndi odziwika, theka poyamba theka pomaliza, masikechi aonetsedwe kaye asanapake utoto, tsiku lomaliza lilembedwe. Amisiri omanga nyumba amene timawatumizira ndalama kumudzi ena amatipusitsa koopsa, koma sitinayambe tanena kuti basi omanga onse azimanga ulere. Wojambula amene akufuna kutengedwa ngati mmisiri nayenso asunge nthawi ngati mmisiri, ndipo mnyamata wa ku Ntcheuyu masikechi asanu anabweretsa kale tisanamupatse olo R1.

Ndinawaimbira mayi olemba aja Lachisanu kuti ndimve maganizo awo, poti anthu akhala akuwalankhulira sabata yonse osawafunsa. Anandiuza kuti mnyamatayo atawaonetsa agogo osinja aja anakhala kaye chete, chifukwa anaona mayi awo omwe anamwalira, ndipo anabwerera kunthano yawo kukachotsa ziganizo ziwiri zofotokoza khonde poti chithunzi chinali chitanena kale zonse. Anati, mwanangu, dzina la mwanayo likhale pafupi ndi langa, zilembo zofanana kukula. Komiti ikumananso Lamulungu likubwerali tikatuluka mapemphero. Ine ndikapempha kuti tichotse DJ pa bajeti, sipika ya mpingo ilipo, ndipo ndikawonjezera R300 yanga pa ndalama ya zithunzi. A msungichuma ndawauza kale kuti abwere ndi bajeti yonse yolembedwa kuti tiione mzere ndi mzere, ndipo mnyamatayo ndamupempha abwere ndi mapepala asanu ndi awiri a agogo aja, adzawayale pabenchi achikulire aja adzaone okha.